Mmene Sakhwi Anagonekera Apolisi ku Mapesi

Padangokhala, kale lija nyama zinkavala zipewa ndi kuitanana kuti bwana, kunali mzinda. Meya wa mzindawo anali Njati. Apolisi ake anali Anyani, mkulu wawo Sajeni Nyani. Mzinda unali umodzi koma mbali zinali ziwiri. Kuphiri kunkakhala okhuta. Kumunsi, ku Mapesi, kunkakhala tinyama tosawerengedwa: a Mbewa, a Nkhwali, a Gwape, a Chule ndi ena otero.

Anyani anawalemba ntchito yolondera ku Mapesi, ndipo phoso lawo linali chimanga cha boma. Koma kugona ankagona kuphiri, m'mapanga a boma, iwo ndi akazi awo ndi ana awo. Ankatsika dzuwa litakwera, atadya, atasakana nsabwe. Akafika n'kumaguba uku ndi uku, kulanda nthochi za amayi pamsika, kumanga Chule ati akusokosa. Dzuwa likangopendeka, ulendo wa kuphiri. Ulonda wake unali umenewo.

Kambuku ankazidziwa zonsezi. Iye ankangogona pathengo n'kumayang'ana zipewa. Chipewa chomaliza chikakwera phiri, ankadziwongola, n'kulowa m'Mapesi ngati akulowa m'khitchini mwa mkazi wake.

Ku Mapesi komweko kunali Sakhwi, kanyama kochepa ngati mbewa, ka mphuno yaitali ndi miyendo yosadziwa kuyenda, yongodziwa kuthamanga. Mlongo wake Nadzimbiri anali wamasiye wa ana anayi, ndipo Sakhwi ndiye anali mwinimbumba. Ana a mlongo wako ndi ako. Akadwala amafunsa iwe, akafa amafunsanso iwe.

Tsiku lina madzulo Kambuku anatenga mwana woyamba wa Nadzimbiri. Kutacha, Sakhwi anadikira mpaka apolisi atatsika.

"Bwana Sajeni, mwana wa mlongo wanga wadyedwa."

"Nthawi yanji?"

"Dzuwa litangolowa."

"Ndiye ine nditani, iwe kamphuno? Nthawi imeneyo tinali titaweruka. Ukamuuze Kambuku azibwera masana."

Anyani onse anaseka mpaka kugwira m'mimba. Sakhwi sanaseke. Anatembenuka, liwiro la kwa Meya.

Anapeza a Meya atagona m'thope, maso ali tseke. Sakhwi ankadziwa kuti Njati sangatsegule diso chifukwa cha mwana wa kanyama, choncho sanayambe ndi za mwana. Anayamba ndi za chimanga.

"Bwana Meya, akukuberani."

Diso limodzi linatseguka. "Ndani?"

"Phoso mumapereka la usana ndi usiku. Ntchito mukulandira ya usana wokha. Theka la chimanga chanu likudyedwa ndi anthu amene ali mtulo kuphiri."

Njati anadzuka, thope lili chuchuchu. Tsiku lomwelo anaika lamulo: wapolisi aliyense azikhala kumene akulondera. Wopezeka akugona kwina, chipewa chivulidwe, phoso lithe.

Ku Mapesi kunali nthungululu. Koma mukuwadziwa anthu a zipewa. Anyani anatsika ndi nkhwangwa, m'mawa umodzi misasa inali itaima pamzere, msasa uliwonse ndi kachitseko kake. Dzuwa litapendeka, aliyense anavula chipewa, kuchikoleka pachitseko, n'kukwera phiri mutu uli mbee.

Kambuku anadabwa. Anyani akwera, koma zipewa zatsala. Anabwera monyang'ama, kununkhiza msasa woyamba, zii. Wachiwiri, zii. Anaseka yekha, n'kukhotera kwa Nadzimbiri. Mwana wachiwiri anapita choncho.

Apa Nadzimbiri anapeka nyimbo. Ankaiimba pamtondo, musi ukugunda. Inali nyimbo yonena za chipewa chimene chimagona ku Mapesi pamene mutu wake ukugona kuphiri, ndipo inkafunsa kuti pa awiriwo, chipewa ndi mutu, wolandira phoso ndi uti. Amayi anzake ankavomera ndi mawu okhuthala, kuchiuza chipewacho kuti chidzuke chithamangitse chilombo. Inali yoseketsa, koma palibe woimba anaseka.

Sakhwi anathamangiranso kwa Meya.

"Bwana, lamulo lanu akulimvera ndi zipewa zokha."

"Iwe wabweranso? Chabwino, ndituma Nguluwe, mesenjala wanga, akaone."

Nguluwe anatsogoza uthenga kuti afika mawa masana. Tangomvani, woyendera kuchita kuchenjeza oyenderedwa! Anyani anatsika mamawa tsiku limenelo. Anasonkha moto m'misasa yonse, kuwaza phulusa pakhomo, kuyanika mabulangete padzuwa. Nguluwe atafika anamuyalira mphasa ndi kumuikira mulu wa chinangwa. Anadya, anageya, anati, "Akukhaladi kuno awa. Utsi ndauona ndi maso angawa."

Sajeni anamugwira Sakhwi pamphuno, kumukwapula ndi nsungwi pamaso pa Mapesi yonse, Nguluwe akuonerera.

"Mvetsani nonsenu!" anatero Sajeni. "Ife ndife anthu a kuno. Ndife aneba anu. Wina aliyense akadzanenanso kuti sitikhala ku Mapesi, ndidzamumanga miyendo ndi manja."

Sakhwi anapita kwawo msana uli mizeremizere. Anyani anakwera phiri. Sipanapite nthawi, Kambuku anatenga mwana wachitatu. Ulendo uno anasiya kanthu. Kuseri kwa nyumba anapezako kamchira.

Nadzimbiri misozi inali itamuthera. Anakhala pakhomo, mwana wotsalayo atamupana ndi miyendo. Anali atayamba kumutchula kuti Malizani, monga amachitira mayi amene waferedwa mpaka kutopa.

"Achimwene, tisamuke."

"Tipita kuti, mlongo? Kuphiri atilola?"

"Nanga ndikhale pano kudikira kuti uyunso amudye? Mwathamanga kawiri kwa a Meya. Mwabwerako ndi chiyani? Zipsera."

Sakhwi anali atagwira kamchira kaja m'manja, kukatembenuza uku ndi uku. Ana awiri oyamba aja maliro awo sanachitike, chifukwa panalibe choti n'kuika m'manda. Anthu anangobwera kudzapepesa n'kubwerera. Koma apa choika chinalipo. Mphuno ya Sakhwi inayamba kugwedezeka, ndipo ikatero ndiye kuti m'mutu mwake mwalowa kanthu.

"Mlongo, uyu timulira maliro enieni. Ndipo maliro ake sadzatha msanga."

Tsono mumve mwambo wa ku Mapesi. Maliro akagwa, neba sagona kwake. Amuna amachezera panja pamoto, akazi amagona m'nyumba ya siwa ndi anamfedwa, mpaka mtembo utaikidwa. Wosabwera, anthu amamudziwa: kapena si wa kuno, kapena ndiye mfiti yapha munthuyo. Yachitatu palibe.

Sakhwi anaika masamba panjira. Anatumiza uthenga khomo ndi khomo. Anatumizanso kwa Nguluwe, podziwa kuti ameneyo chakudya cha pamaliro sachiphonya. Ndipo dzuwa litapendeka, Anyani akukoleka zipewa zawo, Sakhwi anaima pakhomo pa Sajeni, Mapesi yonse ili kumbuyo kwake.

"Odi, aneba!"

"Neba wako ndani?"

"Inu, bwana. Munanena nokha tsiku lija la nsungwi. A Nguluwe awa analipo."

Nguluwe anagwedeza mutu. "Ndinalipodi."

"Kwagwa zovuta kwathu," anatero Sakhwi, mutu ataweramitsa. "Moto tasonkha kale. Malo anu takusungirani, pafupi ndi chikuni chachikulu, poti ndinu akuluakulu."

Sajeni anayang'ana kuphiri. Anayang'ana Nguluwe. Anayang'ana maso onse aja amene ankamuyang'ana osaphethira. Akati sindibwera, ndiye kuti wavula yekha chipewa, kapena wavomera ufiti. Anatembenukira Kopolo, wachiwiri wake, n'kunong'ona kuti, "Tigone. Mawa aika, tizipita."

Anagona. Udzudzu wa ku Mapesi unawalandira bwino.

Kutacha Sajeni anabwera maso ali psuu. "Iwe kamphuno, kuika ndi nthawi yanji?"

"Tikudikira a Nkhono, bwana. Ndiwo nkhoswe ya banja lino. Sitingaike iwo kulibe."

"Ali kuti?"

"Anyamuka kale. Amene wawaona akuti atuluka pakhomo pawo."

"Pakhomo pawo! Kopolo, thamanga ukamunyamule umubweretse kuno."

Amayi onse m'siwa anakuwa pamodzi. "Malodza! Malodza!"

"Bwana, musatero," anatero Sakhwi. "Pamaliro wonyamulidwa ndi mmodzi yekha, womwalirayo. Mukanyamula wamoyo ndiye kuti mwamuitanira imfa. Inu a kuno simukudziwa zimenezi?"

"Ndikudziwa," anatero Sajeni, mano atakukuta. "Ndimangokuyesa."

Tsiku lomwelo Nadzimbiri anatuluka m'siwa, chitenje atamanga m'mimba, n'kuima pamaso pa amuna.

"Ndifunse nawo. Madzi akutunga ndi akazi a Mbewa. Nkhuni akutola ndi akazi a Gwape. Kodi apolisi onsewa ndi osakwatira? Kapena akazi awo amakhala kwina?"

Khutu la Nguluwe linaima. "Eya, akazi anu ali kuti, a Sajeni? Tsiku lija sindinawaone."

"Anapita kotola nkhuni."

"Onse?"

"Onse. Amakondana kwambiri. Kopolo, pita ukawaitane. Uwauze abwere ndi nkhuni."

Anatsika amayi a kuphiri, ana ali kumsana, aliyense kamtolo ka nkhuni pamutu, mphuno atakwinya. Patsogolo panali Mayi Sajeni. Asanafike n'komwe pasiwa anaterereka, phi, m'ngalande ya madzi oipa imene inkadutsa pakati pa Mapesi. Anadzuka akutukwana.

"Bambo a mwana! Ngalande iyi mumailumpha tsiku ndi tsiku osaiona? Mwana wanga adwale chifukwa cha ulesi wanu? Tengani makasu!"

Ngalande imene anthu a ku Mapesi anaidandaula mpaka kutopa, apolisi anaikumba dzuwa lisanafike pamutu.

M'siwa amayi anayambanso nyimbo ya chipewa ndi mutu. Ulendo uno anaiimba mozika, ngati nyimbo ya maliro, Nadzimbiri akutsogolera. Pamaliro mlendo sakhala chete ena akuimba, choncho akazi a Anyani nawo ankavomera, kuchiuza chipewa kuti chidzuke, pamene eni zipewa ali panja mitu ili pansi.

Masiku anapita. M'mawa uliwonse Sajeni ankafunsa za Nkhono. Tsiku lina akuti wafika pa mtengo wa mango. Tsiku lina akuti wapumula, dzuwa latentha. Tsiku lina akuti wabwerera pang'ono, anaiwala ndodo. Pakati pa masiku amenewo zinthu zinayamba kusintha zokha. Kopolo anatambasula dzanja kuti alande nthochi pamsika, mkazi wake n'kumumenya pachala.

"Ukuchita chiyani iwe? Mayi amenewa ndi amene amandifunditsa chitenje chawo m'siwa. Ukufuna ndigone bwanji lero?"

Chule ankalira mmene angafunire, palibe womumanga. Ana a Anyani ndi ana a ku Mapesi ankasewera malo amodzi. Ndipo Kambuku sanabwere, chifukwa zipewa zinali ndi mitu m'kati.

Koma Sakhwi sanapume. Ankadziwa kuti Nkhono sangayende mpaka kale. Tsiku loika likadzafika, Anyani adzasamba m'manja n'kukwera phiri, ndipo Malizani adzatsala pomwe analiri. Choncho anathamangiranso kwa Meya, kachitatu.

"Iwenso?" anatero Njati. "Wabwera kudzanamanso?"

"Ndabwera kudzapepesa, bwana. Ndinalakwa. Apolisi anu akukhaladi ku Mapesi, ndi akazi omwe, ndi ana omwe. Anthu akungotchula dzina lanu. Akuti a Meya akanabwera kudzakhuza maliro athuwa, tikanawathokoza pamaso."

Wamkulu uti amakana kuthokozedwa pagulu? Njati anasamba. Koma Sakhwi pobwerera sanalunjike kwawo. Anadzera kwa Nungu, amene ankakhala ndi mtundu wake wonse m'dzenje limodzi kumapeto kwa Mapesi, n'kumunong'oneza mawu.

A Meya anafika, anapepesa anamfedwa, anakhala pampando. Anthu anawathokoza mpaka Njati anatupa. Kenaka Nungu anaimirira, minga ili waa, oyandikana naye n'kusendera kutali.

"Bwana Meya, ine ndi kadandaulo. Ife a Nungu tachuluka. Tikugona mothithikana, ndipo Nungu akathithikana ndi mnzake mukudziwa chimene chimachitika. Tsono tamva kuti mapanga a boma kuphiri angokhala opanda anthu, poti apolisi anasamukira kuno."

Njati anatembenuka. "Sajeni, n'zoona? Mapanga aja mulibe anthu?"

Mayi Sajeni anamutsina mwamuna wake m'nthiti. "Miphika yanga," ananong'ona. "Mphasa zanga. Kadenga kanga kosadontha."

Sajeni thukuta linali kamukamu. Akati muli anthu, chipewa chapita, phoso latha. Akati mulibe, nyumba yapita.

"Ndikufunsa iwe, Sajeni."

"Mulibe, bwana."

"Olo mmodzi?"

"Olo mmodzi. Mwina timiphika tokha totsalira."

"Timeneto a Nungu akutsitsirani, aneba," anatero Sakhwi. "Musavutike n'kukwera."

"Nyumba za boma sizikhala chabe," anatero Njati. "Nungu, pita ukalowe lero lomwe."

A Nungu anakwera phiri pamzere, ana patsogolo. A Meya atachoka, Sajeni anatuma Kopolo mobisa kuti akawatulutse. Kopolo anabwerako akuyenda motangadza, ndipo masiku otsatira ankadya ataimirira.

Sajeni anamukokera Sakhwi kuseri. "Iwe kamphuno, ndakudziwa. Maliro awa akatha, ine ndi iwe."

"Atha, bwana. A Nkhono akuti afika pamlatho."

Tsono Kambuku. Masiku onsewo anali asanadye. Madzulo alionse ankayang'ana zipewa kuti zikwere, osakwera. Nthiti zinayamba kuoneka. Pomaliza njala inamulanda nzeru. Anati, madzulo amakhala maso pamoto, ndiye ndipita masana akusinza.

Dzuwa linali pamutu. Amuna, potopa ndi kuchezera, anali ali lambalamba pansi pa mtengo, zipewa atafunda kumaso. Amayi anali kophika. Kuseri kwa siwa Malizani ankasewera ndi kamwana ka Sajeni, akulimbirana chitsononkho. Sakhwi yekha ndiye sankagona. Chiyambire maliro diso lake linali pa Malizani.

Anaona udzu ukugwedezeka popanda mphepo. Anaona mawanga. Asanatsegule pakamwa, Kambuku anali atalumpha, dzanja lake lili pa Malizani. Kamwana ka Sajeni kanagwa chagada pambali, kakukuwa.

Sakhwi akanatani? Kumenyana ndi Kambuku, iye wochepa ngati chala? Ndipo ankadziwa kuti akafuula dzina la Malizani, Anyani aja adzayamba ayasamula, kufunafuna nsapato, kufunsana kuti lero ndi tsiku la ndani. Choncho anadzaza mpweya m'chifuwa n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse:

"Mwana wa a Sajeni! Kambuku wagwira mwana wa a Sajeni!"

Simunaone Anyani akudzuka chotero. Woyamba kufika anali Mayi Sajeni, mthiko uli m'manja. Sanafunse kuti wagwidwa ndi uti. Anaona mwana wake ali pansi, chilombo chili pamwamba, n'kudziponya pamsana pa Kambuku, mano onse m'khutu. Kambuku anabangula, dzanja linatseguka, Malizani n'kupulumuka. Sakhwi anamugwira pakhosi, psiti, m'dzenje la Mbewa.

Kambuku atadzigwedeza anapeza kuti wazunguliridwa. Anyani kutsogolo, Anyani kumbuyo, mano ali panja. Anamuyang'ana Sajeni.

"Sajeni, n'chiyani ichi? Wayamba liti iwe kugwira ntchito?"

"Lero."

"Ine ndi ana a Anyani ndilibe nawo kanthu. Ndabwerera ka Sakhwi kaja basi."

"Ka Sakhwi kameneko kamasewera ndi mwana wanga. Lero wagwira uyo, mawa ugwira wanga. Anyamata, m'gwireni!"

Kunali fumbi. Wina mwendo, wina mchira, wina pakhosi. Kopolo, ndi matako ake otupawo, ankaluma ngati akubwezera a Nungu. Ndipo anthu a ku Mapesi, amene moyo wawo wonse ankangodziwa kubisala, anatuluka. Gwape anaponda ndi ziboda. Nkhwali anajompha m'maso. Akazi a Mbewa anabwera ndi zikuni za moto. Nadzimbiri anabwera ndi musi wake, ndipo anamenya katatu, pamutu pokhapokha, akutchula dzina la mwana aliyense amene anadyedwa.

Kambuku anapeza kampata n'kuthawa, khutu limodzi atalisiya m'kamwa mwa Mayi Sajeni, mwendo wakumbuyo akuukoka. Anamuthamangitsa mpaka kutsidya kwa mtsinje, ndi kupitirira, mpaka kumene Anyani eni ake anali asanafikeko. Sanabwerenso. Akanabwera nthawi yanji? Masana kunali apolisi, madzulo kunali apolisi omwewo, poti kokwera kunalibenso.

Pobwerera amayi anaiyamba nyimbo ija ali m'njira. Koma tsopano anaiimba mothamanga, ndi m'manja, ndi nthungululu, ndipo mawu anawatembenuza: inkanena kuti chipewa chapeza mutu wake, mutu wapeza thupi, thupi lapeza miyendo. Wovomera kwambiri anali Mayi Sajeni, akuvina ndi khutu la Kambuku pa kamtengo.

M'mawa mwake Sakhwi anaimirira pagulu. "Uthenga wafika. A Nkhono akuti ikani, musawadikire. Adzafika pa chiliza."

Manda anakumba Anyani, ndiwo anali adzukulu. Palibe anawatuma. Anakumba dzenje lakuya ngati la munthu wamkulu, ngakhale choika chinali kamchira kokwana m'tsamba limodzi. Nadzimbiri analira tsiku limenelo kulira kwa ana atatu, ndipo womugwira paphewa anali Mayi Sajeni.

Maliro atatha, Sajeni anasunga mawu ake. Anamupeza Sakhwi akusesa pabwalo, n'kumuimirira pamwamba.

"Ndinati ine ndi iwe."

"Munatero, bwana."

"Mwana wanga sanagwidwe. Wandiuza yekha. Unanama."

"Fumbi linachuluka, bwana. Ana onse amafanana m'fumbi."

"Nanga Nkhono? Ananyamuka n'komwe?"

"Uthenga sindinawatumizire. Ndi okalamba, akanangodandaula."

Sajeni anatukula dzanja. Sakhwi sanathawe. Dzanjalo linakhala m'mwamba, chifukwa kuchokera kumsasa kunamveka mawu.

"Bambo a mwana! Mukucheza chiyani uko? Denga ili likudontha, khoma ili ndi mapesi okhaokha. Tikhala muno ngati nkhuku? Kafunseni kwa a Sakhwi kumene amakumba dothi lomata!"

Dzanja linatsika pang'onopang'ono. Sajeni anakanda pakhosi.

"Dothi lomata mumalipeza kuti kuno?"

"Tsikani nayo ngalande munakumba ija, aneba. Ndikuperekezani. Mutenge dengu lalikulu."

Madzulo a tsiku limenelo dzuwa litalowa, Nadzimbiri mtima unamudumpha monga mwa kale. Anataya lichero, n'kutuluka akuthamanga.

"Malizani! Malizani, lowa m'nyumba!"

Sakhwi anali pakhomo, miyendo ili matope okhaokha. "Musiye, mlongo."

"Kwada, achimwene!"

"Kwadadi. Tamvera."

Anamvera. Pabwalo panali phokoso la ana, a Mbewa, a Gwape, a Nyani, akuchita chibisalirano, ndipo mawu a Malizani ankamveka pamwamba pa onse. Chapatali Sajeni ankakalipa ali pakhomo pake, matope ali m'manja, kuti ana a ku Mapesi alibe mwambo, munthu wagwira ntchito tsiku lonse angapume bwanji. Ana sanamumvere. Iye anapitiriza kukalipa, koma pakhomopo sanachokepo, ndipo maso ake anali kuthengo.

Nadzimbiri anaima nthawi yaitali. Kenaka anatola lichero lake, anakhala pansi panja pomwepo, n'kuyamba kupeta.

Ine nthano yanga ndaitula pano. Amene ali ndi khosi aisenze, akaitule kwawo.